MULI CHIYANI MU MTOKOMAMU?

Awa ndi mawu amene analankhula mnzathu wina wa gulu lomwe linalemba mayeso a Fomu 4 mu 1975, pa msonkhano wathu wa pachaka umene unachitikira pa boma la Ntcheu. Mnzathuyu anagwira ntchito ya positi zaka 31. Tawasindikiza monga anawalankhulira, poti ambiri amene sanathe kufika anatipempha kutero.

Bambo wapampando, aphunzitsi athu amene mwatilemekeza pobwera ngakhale miyendo ikukana, akuluakulu anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, ndi inu ana athu amene mwachoka pa sukulu paja dzulodzuloli, ndikupatsani moni nonse.

A mlembi atandilembera kalata yoti ndidzalankhule lero, ndinayamba ndakana. Ndinati pakati pathu pali madokotala, pali abusa, pali ena amene anakhalako m'maofesi akuluakulu ku Lilongwe, nanga munthu wa positi akanene chiyani? Iwo anandiyankha ndi funso, nati kodi mwa ife ndi angati amene ali ndi mwana, mbale kapena mdzukulu kunja kwa dziko lino? Tsono funso lomwelo ndikulipereka kwa inu. Takwezani manja. Mwaonatu, pafupifupi holo yonse. Ndipo ndikudziwa kuti aliyense amene wakweza dzanja anamangapo kaphukusi, kapena akuganiza zomanga, koti katumizidwe kwa mwanayo. Choncho nkhani yanga ndi ya kapepala kamene mumapatsidwa pa kauntala kuti mulembepo zimene zili m'phukusimo. Tonse tinakhoza Fomu 4, koma fomu iyi yokha yagwetsa ambiri, ndipo ndisanakhale pansi ndikuuzani m'mene inandigwetsera ine mwini wake.

Ntchito ya positi ndinayamba mu 1977, nthawi imene positi ndi lamya zinali dipatimenti imodzi ya boma. Chaka chimenecho n'chomwe anthu anayambiranso kupita ku migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, pambuyo poti ulendowo unaimitsidwa mu 1974 chifukwa cha ngozi ya ndege ija ya ku Francistown. Masiku amenewo mitokoma yambiri inali yobwera: mabulangete, majekete, nsapato, mawailesi. Amayi ankachokera ku Tsangano, ku Kasinje, ku Nsipe, atagwira kakhadi kowaitana, kudzatenga zimene bambo atumiza. Zotuluka zinali zochepa. Lero zinthu zinatembenuka. Ana athu ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Mangalande, ku Ireland, ku Amereka, ndipo chimene akulira kumeneko si bulangete ayi. Akulira mpunga wa Kilombero, tiyi wa Chombe, tsabola wa Nali, usipa, nsinjiro, chitenje.

Kapepala kameneka sikanayambire ku Malawi kuno. Mapositi a dziko lonse lapansi ali m'bungwe limodzi lotchedwa Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa ku Bern m'dziko la Switzerland mu 1874, ndipo dziko lathu linalowamo mu 1966. Bungwe limeneli ndilo linakonza kuti fomu ikhale yofanana kulikonse, kotero kuti imene mwalemba pano pa Ntcheu aiwerenga ku London popanda womasulira. Akuluakulu mukukumbukira kachikalata kobiriwira kaja tinkamata ndi malovu, kolembedwa "Douane" pamwamba. Liwu limenelo n'Chifalansa, chinenero cha bungweli, ndipo likutanthauza a kasitomu. Kachikalata kaja tinkakatcha C 1. Utatha msonkhano waukulu wa bungweli ku Seoul mu 1994 maina anasintha, ndipo tsopano pali CN 22 ndi CN 23. Yoyambayo ndi yaing'ono, ya tiphukusi tosapitirira makilogalamu 2 tokhala ndi katundu wa mtengo wosapitirira pafupifupi madola 400 a ku Amereka. Katundu akadula kuposa apo, kapena phukusi likakhala lalikulu, mumalemba CN 23 imene ili ndi malo ambiri.

Chinthu choyamba chimene anthu ankasokoneza, ndipo tinatukwanidwa nacho kwabasi, n'chakuti ankayesa msonkho timadula ndife a positi. Iyayi. Positi ndi mtengatenga chabe. Woona katundu, wodula msonkho, wolanda zoletsedwa, ndi wa kasitomu wa dziko limene katunduyo akulowa. Kuno kwathu kuyambira mu 2000 ntchito imeneyi ili m'manja mwa Malawi Revenue Authority, ku South Africa ndi SARS, ndipo dziko lililonse lili ndi ake. Tsono taganizirani munthu ameneyo. Sakukudziwani inu, sakumudziwa mwana wanu, sanamvepo za Ntcheu. Patsogolo pake pali mulu wa maphukusi ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo pa lililonse ayenera kugamula msangamsanga ngati lipite kapena litsegulidwe. Inu simudzakhalapo kuti mufotokoze. Chokulankhulirani ndi kapepala kaja basi.

Apa mpamene chikhalidwe chathu chimatilakwitsa. Ife tinaleredwa kuti mphatso sionetsedwa pa gulu. Mlendo akabwera ndi dengu, timalilandira n'kukalitsegulira kuseri. Wopereka naye amachepetsa, amati "ndi kanthu kochepa, musadandaule nako," chikhalirecho ndi thumba lathunthu la mtedza. Ulemu umenewu ndi wabwino pa khomo, koma ukafika pa fomu umaoneka ngati chinyengo. Kwa zaka 31 ndinawerenga mawu omwewomwewo: "Gift", "Foodstuffs", "Personal effects", "Clothes". Munthu ukamufunsa kuti bambo, muli chiyani kwenikweni, amakuyang'ana ngati wamufunsa za kuchipinda. Ena ankati, "Mwana adziwiratu, ndikufuna akadzidzimuke." Ndipo ena, ndinene mosabisa, ankaopa kuti akalemba zenizeni katunduyo abedwa pa njira. Mantha amenewo sindikuwaseka. Phukusi limadutsa m'manja ambiri, ndipo si manja onse ali oyera. Koma mankhwala ake ndi kulembetsa phukusilo kuti likhale ndi nambala yolilondolera, ndi kusunga lisiti. Wakuba saopa phukusi losalembedwa bwino, amalikonda, chifukwa mwini wake alibe umboni wa chimene chinalimo.

Liwu loti "Gift" lili ndi kabokosi kake kochonga, pamodzi ndi tina ta zikalata, za malonda, zitsanzo za malonda ndi katundu wobwezedwa. Kabokosiko kakuyankha funso loti mukutumiziranji. Pa mzere wofotokoza katundu akufunsa funso lina, loti n'chiyani. Pamenepo mulembe chinthu chilichonse pachokha, m'Chingerezi chomveka, kuchuluka kwake, kulemera kwake ndi mtengo wake. Zitenje zitatu mulembe kuti ndi nsalu za thonje zosindikizidwa maluwa, zidutswa zitatu. Liwu loti chitenje wa kasitomu wa ku Dublin salidziwa. Usipa mulembe kuti ndi nsomba zouma, nsinjiro kuti ndi mtedza wosinja, mfutso kuti ndi masamba ouma a nyemba kapena a maungu. Ufa woyera samalani nawo kwambiri. Thumba la pulasitiki lodzaza zinthu zoyera ngati phulusa, lopanda dzina, likaoneka pa makina owunikira, inunso mutakhala wa kasitomu mungaganize chiyani? Ngati n'kotheka tumizani wa m'paketi ya ku sitolo yosatsegula. Aphunzitsi athu a Chingerezi ali apawa ankatikwapula tikalemba "things" m'chimangirizo. Ankadziwa chimene ankachita.

Za mtengo ndiye pali nthabwala zambiri. Mawu okondedwa anali "No value", kunena kuti katunduyu alibe mtengo. Kwa wa kasitomu kulibe chinthu chopanda mtengo. Mukapanda kulemba, amaika yekha, ndipo mtengo wake amautengera ku masitolo a kwawo, osati ku msika wa Lizulu. Ena ankachepetsa dala pofuna kupulumutsa mwana ku msonkho. Wotchi ya ndalama zambiri n'kulemba mtengo wa mpiru. Tsiku limene phukusi lasowa, munthu yemweyo amabwera ndi ukali kudzafuna chipukuta misozi, ife n'kumuonetsa dzanja lake lomwe. Ndipo musaiwale kulemba mtundu wa ndalama. Mayi wina analemba 40,000 basi, akutanthauza makwacha, phukusi likupita ku Mangalande. Mwamwayi tinaona lisanachoke. Likanafika choncho, kumeneko akanatha kuwerenga mapaundi 40,000, ndipo zitenje zinayi zikanasanduka katundu wa mtengo wa nyumba.

Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri bodzalo limakhala lopanda ntchito, chifukwa maiko ambiri salipiritsa mphatso yaing'ono yochokera kwa munthu kupita kwa munthu mnzake. Ku Mangalande malire ake ndi mapaundi 39. M'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, monga Ireland ndi Germany, ndi mayuro 45. Ku Amereka ndi madola 100. Ku South Africa ndi marandi 1,400 pa phukusi, maphukusi awiri pa chaka kwa munthu mmodzi, kupatula mowa, fodya ndi mafuta onunkhira. Tawerengerani mpunga makilogalamu awiri, paketi ya tiyi ndi chitenje chimodzi, muona kuti muli m'kati mwa malire. Munthu amanama pa chinthu chimene akananena zoona sakanalipira ngakhale tambala.

Koma musachonge "Gift" pa katundu wa malonda. Ndikudziwa alipo pano amene amatumiza zitenje makumi atatu kapena ziboliboli kwa mwana kuti akagulitse. Zitenje makumi atatu zofanana palibe angakhulupirire kuti ndi mphatso. Katundu wa malonda amafuna lisiti yake, dziko limene anapangidwira, ndi nambala ya mtundu wa katunduyo ya manambala asanu ndi imodzi, yochokera m'buku limene a kasitomu a dziko lonse akhala akugwiritsa ntchito kuyambira mu 1988. Mwa chitsanzo tiyi wakuda wa m'mapaketi ang'onoang'ono ndi 0902.30, khofi wokazinga ndi 0901.21. Masiku a kulekerera katundu wotsika mtengo anatha. Maiko a ku Ulaya anachotsa chifundo chawo cha mayuro 22 pa 1 July 2021, ndipo Amereka inachotsa chake cha madola 800 pa 29 August 2025, mpaka mapositi a maiko ambiri anayamba aimitsa kutumiza maphukusi kumeneko kwa kanthawi. Malamulo otere amasinthasintha, choncho funsani pa kauntala musanamange.

Tsopano ndifike pa zoletsedwa. Zina n'zodziwikiratu: machesi, mafuta onunkhira ndi mabatire apadera a lamya za m'manja, chifukwa zingayake m'ndege, ndalama za mapepala m'kalata wamba, minyanga ya njovu, imene malonda ake pakati pa maiko analetsedwa mu 1989, ngakhale katakhala kakhoza kamene agogo anasiya. Mbewu ndi zomera zimafuna chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda, chonga chimene amapereka ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. Koma chimene chimatipweteka ife a kuno ndi nyama, mkaka ndi mbatatesi. Ku Mangalande salola nyama kapena za mkaka zochokera kuno, zikhale zouma, zowamba kapena zophika, ndipo mbatatesi salolanso. Musawayese odzikuza. Mu 2001 kunagwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo anapha ziweto zoposa 6 miliyoni kuti athetse mliriwo. Ife Angoni amene timadziwa kuwawa kwa khola lopanda ng'ombe tiyenera kuwamvetsa.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndinkaphunzitsa anyamata atsopano. Tsono imvani chimene ndinachita.

Mwana wanga wamkazi, namwino, anapita ku Mangalande mu 2004, nthawi imene anamwino athu ambiri ankapita kumeneko. Mu 2006 amayi ake anatisiya. Anabwera ku maliro, koma tchuthi chinali chachifupi, ndipo anabwerera katundu wa malemu asanagawidwe. Chaka chotsatira achibale atakhala pansi anamupatulira zinthu ziwiri zimene iye mwini anapempha: nsalu imene amayi ake ankavala popita ku mapemphero a amayi Lachinayi, ndi buku lawo la nyimbo. M'bukumo, m'masamba a kumapeto, malemu analembamo ndi dzanja lawo masiku obadwa a ana onse ndi maina a makolo a kuchikazi kufikira agogo a agogo awo.

Ndikumanga phukusilo, alamu anga, ang'ono awo a malemu, anabwera ndi kachikwama. Munali nyama ya ng'ombe yowamba bwino, ndi mbatatesi zochepa za ku Tsangano. Anati, "Alamu, mwanayu alibe mayi tsopano. Akalaweko za kwawo." Ndinawauza kuti n'zoletsedwa. Anandiyang'ana nati, "Inu a positi omwe mungalephere kutumiza kanyama?" Ndinachita manyazi. Kukana kunaoneka ngati kukana chikondi chawo, ndipo mumtima ndinati maphukusi ndi ambiri, sangatsegule onse. Ndinakulunga nyamayo m'nyuzipepala, ndinaiika pakati pa nsalu ija, ndipo pa fomu ndinalemba mawu atatu, "Clothes and books". Pansi pake pali mzere umene wotumiza amatsimikiza kuti zimene walemba n'zoona ndiponso kuti mulibe choletsedwa. Mzere umenewo ndinaulozera anthu zikwizikwi ndi chala changa. Ndinasaina.

Patapita masabata angapo mwana anaimba lamya. Phukusi silinafike, inafika ndi kalata. Linatsegulidwa, nyama ndi mbatatesi zinapezeka, ndipo poti zina zonse zinamangidwa pamodzi ndi zoletsedwazo, zinalandidwa limodzi. Kalatayo inapereka mwezi umodzi woti munthu adandaule. Koma inamupeza atasamuka nyumba, ndipo pamene inkafika m'manja mwake masiku anali atatha. Analemberabe, osaphula kanthu. Chimene anandifunsa pa lamya paja sindidzachiiwala. Sanakalipe. Anangoti, "Ababa, maina aja munakopera pena?" Sindinakopere.

Sindiimba mlandu munthu wa kasitomu uja. Anagwira ntchito yake monga ine ndikanagwirira. Alamu anga sindiwaimbanso mlandu, iwo sankadziwa. Wodziwa ndinali ine. Ndikanalemba nyamayo pa fomu, mnyamata wa pa kauntala, amene ndinamuphunzitsa ndekha, akanandiuza mwaulemu kuti bwana, ichi chitsale, ndipo bukulo bwenzi lero lili pa tebulo la mwana wanga. Takhala tikuyesa kufunsa akuluakulu a kuchikazi kuti tibwezeretse maina aja. Tapeza ambiri, awiri akusowabe, ndipo amene akanawakumbukira anapita. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake ndavomera kudzichititsa manyazi pamaso panu. Ndipo ndiwonjezere ichi: chinthu chimene sichingagulidwenso, monga chithunzi, satifiketi kapena buku lotere, chitumizeni pachokha, cholembetsa, ndipo muyambe mwachijambula. Musachiphatikize ndi chakudya.

Masiku ano kubisa kwavutiratu. Kuyambira mu 2021 zimene mwalemba pa fomu zimalowetsedwa m'kompyuta n'kutsogola ku dziko limene phukusi likupita, phukusilo lisanakwere n'komwe ndege. Mawu osamveka monga aja ndatchula angachititse kuti liimitsidwe kapena libwezedwe. Choncho pitani ku positi muli ndi keyala yathunthu ya wolandira, manambala a dera lake, ndi nambala yake ya lamya. Dzina likhale limene lili pa chiphaso chake, osati limene timamuitanira kumudzi. Ndinaonapo phukusi likubwerera chifukwa agogo analemba dzina la pamtundu, pamene mdzukulu kumeneko amadziwika ndi dzina la mwamuna wake. Pa phukusi lalikulu palinso malo ofunsa kuti wolandira akapanda kupezeka atani nalo, alibweze kapena alitaye. Ambiri amalumpha, kapena amachonga osawerenga. Werengani, chifukwa kubweza kuli ndi mtengo wake ndipo wolipira ndi inu.

Wina anena kuti ife za positi tinasiya, timapatsira a mabasi ndi a mathiraki opita ku Joni. Ndikudziwa, inenso ndimapatsira. Komatu katunduyo adutsabe pa Dedza kapena pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, ndipo paliponse pali wofunsa funso lomwe lija. Kusiyana kwake n'kwakuti woyankha ndi mwana wa eni ake amene mwamusenzetsa. Mulembereni mndandanda wa zimene zilimo, ndipo mumange iye akuona. Inunso wina akakupatsirani phukusi lomatamata kuti mukapereke uko mukupita, muuzeni atsegule. Akakwiya, mubwezereni.

Mawu amodzi kwa anzathu a kunja amene adzawerenga izi m'kalata yathu. Tikuthokoza chifukwa cha mabuku amene mumatumizira sukulu yathu. Koma chonde lembani kuchuluka kwake, kuti ndi ogwiritsidwa kale ntchito, ndi mtengo wake weniweni, ndipo muikemo kalata yonena kuti ndi thandizo la sukulu. Ngati ndi makompyuta, dziwitsani a komiti musanatumize kuti akayambe afunsa ku MRA. Pasakhale zoti mphatso yafika koma a msungichuma akusowa ndalama zoiwombolera.

Bambo wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndabwera ndi mafomu a CN 22 ndi CN 23 osalembedwa, okwana makumi awiri, ndi zolembera zitatu. Tikatha kudya ndikhala pa tebulo lili pafupi ndi khomo lija. Amene ali ndi phukusi loti litumizidwe Khirisimasi isanafike abwere tiyeserere limodzi, ndipo zolemberazo mubweze.